Magalasi a Kadzidzi

Chaka chomwe ndinalembedwa ukalaliki
pa esiteti ya fodya ku Santhe
manambala anayamba kundizemba,
seveni kuvala nkhope ya wani,
mabelo khumi kusowa m'kaundula ali chikhalire m'shedi.
Ku Nkhoma anandiyeza, nandiveka awa:
felemu yakuda bii, yonenepa ngati chogwirira ketulo,
magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo.

Dzina ndinalipeza likundidikira pageti.
Kadzidzi wabwera! Zimitsani ndudu, kadzidzi akuona!
Ngakhale Esinati, tisanapite kwa ankhoswe,
ankati ndizivula tikamadutsa pamsika.
Ndinkavuladi,
n'kumamutsata ndi makutu.

Kenaka kunabwera a waya,
opyapyala ngati ndevu za mphaka,
aphunzitsi ndi abusa onse golide ngwee pamphuno.
Atatha amenewo kunadza opanda felemu n'komwe,
magalasi olendewera okha
ngati mame pa ulusi wa kangaude,
wa ku banki akakuyang'ana nawo
ngongole umaikana wekha.
Kunabweranso timagalasi tating'ono
tosakwana ndi diso la nkhuku lomwe.
Zonsezo zinandidutsa ngati mabasi a ku Mzuzu.
Anga mwendo wamanzere unathyoka chaka cha njala,
ndinaumanga ndi ulusi wa thumba la feteleza,
mfundo yake ilipo mpaka lero kuseri kwa khutu.

Ndiye dzulo pa depoti ya Kasungu,
ndikudikira minibasi ya ku Chamama kuti idzaze,
ndinaima pa thebulo la Lakisoni.
Ofiira, obiriwira, oonekera ngati madzi,
ena okwezeka m'ngodya ngati maso a mphaka wokwiya,
ndipo pakati pawo, pa nsalu yawoyawo,
anga.
Akuda bii, onenepa, khumi ndi awiri pamzere,
mtengo wake woposa thumba la chimanga.

Asungwana a ku koleji ya aphunzitsi akulimbirana kalilole,
wina kupendeketsa khosi, wina kutulutsa mlomo,
foni m'mwamba, thwa, thwa.
Ndinanyamula amodzi, n'kusuzumiramo.
Mulibe mphamvu. Windo chabe.
Maso awo ngabwinobwino, amawerenga nambala ya galimoto ili ku Mtunthama,
koma akulipira kuti aoneke ngati ine.

Lakisoni anandiyang'ana pamphuno, osati m'maso.
Madala, amenewo ndiye orijino.
Twente sauzande, ndi ena atsopano pamwamba.

Ndinawavula kuti ndiganize.
Depoti yonse inasungunuka,
makondakitala kusanduka mawu okhaokha,
phiri la Kasungu kukhala utsi.
Chala changa chinapeza timaenje tiwiri pa mwendo wamanja,
mano oyamba a Mwandida,
amene lero ali ndi ana atatu ku Nkhamenya.
Chinapezanso pomwe pulasitiki inasalala,
pomwe Esinati ankagwira m'mawa uliwonse
powapukuta ndi nsonga ya chitenje,
atasiya kalekale kuchita nawo manyazi,
mpaka sabata yomwe manja ake anakana.

Ndinati ayi, mwananga, sagulitsidwa.
Anawonjezera faivi. Ndinati ayi.

Msungwana wina, tsitsi lofiira ngati dothi la katondo,
anati agogo, ndiyeseko pang'ono.
Ndinamupatsa.
Atangovala anadzandira, n'kugwira thebulo,
mafelemu onse gwedegwede.
Mayo ine, dziko likuzungulira!
Inu mumayenda bwanji ndi zimenezi?
Anzake kuseka mpaka kukhala pansi,
koma asanavule anati, dikirani, ndijambuleni kaye,
n'kumwetulira komwe kunalibe foni.

M'minibasi ndinakhala pawindo, thumba la mbewu pamiyendo.
Kondakitala, kamwana ka dzana,
anawerama kutolera ndalama, n'kuima.
Shasha, magalasiwo mwatchena.
Zaka makumi anayi ndakhala ndikudikira mawu amenewo.
Ndinangomupatsa ndalama yake,
n'kuwerenga chenji kawiri,
seveni ali seveni, wani ali wani.